Mayi a Lumo ndi Njinga Yawo

Malemu anabadwa pa 14 Meyi 1961, achitatu m'banja la ana asanu. Ambiri munkawadziwa kuti Mayi a Lumo. Ine ndikuwerengane ndine mlongo wawo wowaponda pamutu.

Sukulu analekeza mu 1975, bambo athu atayamba kuvutika maso. Bambo anali ometa, ndipo malemu ndi amene anatola lumo ndi sizasi, namameta makasitomala kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone.

Mu 1983 anakwatiwa ndi a dalaivala a basi, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi. Mu 1989 anatsegula malo ometera amuna: kachipinda kamodzi, mpando umodzi, galasi long'aluka pakona. Anthu ankati mkazi wapabanja sagwira mutu wa mwamuna wa eni. Amuna ankangosuzumira n'kudutsa, amayi anzawo anasiya kuwapatsa moni. Masiku ena malemu ankasesa m'chipindamo kawiri, mopanda ndi tsitsi lomwe. Bambo a kunyumba anawauza kuti asankhe, banja kapena lumo. Banja linatha mu 1991.

Mu 1993 anaganiza zowatsatira anthu amene sangathe kubwera okha: odwala, okalamba, opuwala. Anamangirira bokosi ndi mpando wopinda panjinga, n'kumayenda khomo ndi khomo. M'tauni muno zinali zisanaonekepo. A khonsolo anati m'malamulo awo mulibe malo ometera oyenda, ndipo anawalanda njinga kawiri. Bungwe la ometa linawakana, ati mamembala ake ndi abambo okhaokha. Malemu anaika zida m'chikwama n'kumayenda pansi. Ankatiseketsa kuti miyendo yokha a khonsolo sangalande.

Lamulo linasintha mu 2008. Ziphaso zoyamba zinaperekedwa kwa anyamata, pamwambo umene malemu anangoumvera kwa anthu. Sanadandaule. Anangoti bola odwala azimetedwa.

Mu 2021 anadwala sitiroko ndipo dzanja lamanja linafooka. Ankakhala okha, poti mwana wawo amagwira ntchito kutali. Masana ankakhala pawindo kuonerera njinga za ometa zikudutsa. Tsitsi lawo ankadzimeta okha ndi dzanja lamanzere. Anatisiya pa 3 Juni 2024. Amene anawapeza ndi amayi oyandikana nawo nyumba, ataona kuti chitseko sichikutsegulidwa.

Malemu asiya mwana mmodzi, zidzukulu ziwiri, mchemwali wawo wamkulu ndi ine.

Tikuthokoza amayi oyandikana nawo aja, amene ankawagogodera m'mawa uliwonse, anamwino, komanso a mpingo. Tikuthokozanso agogo amene akhala kumbuyoko panjinga ya olumala. Sitinkawadziwa. Afika m'mawa uno n'kutiuza kuti pamene abale awo ankanyansidwa kuwakhudza, malemu ankawasambitsa kumutu.

Achemwali, mwatopa nako kuyenda. Usani mumtendere.