Anandiuza Kuti Njala Ichiritsa Shuga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, lero sindinabwere ndi nkhope yosekerera. Ndakwiya, ndipo mundilole ndilankhule ndili wokwiya choncho.

Ine ndine Zulu. Ambiri munakwerapo minibasi yanga yochoka pa Chongwe kupita ku Lusaka. Ndinali munthu wosauzidwa kanthu. Mmawa vitumbuwa ndi tiyi wa shuga wambiri, masana zakumwa zozizira, madzulo ndikaimika basi, kachasu. Mkazi wanga Esinati akati tipite kutchalitchi, ndinkamuuza kuti Mulungu wanga ndi siteling'i.

Kenaka ludzu linayamba. Kumwa madzi osakhuta, kukodza kosalekeza, thupi kutha. Kuchipatala anandipima nati ndi matenda a shuga. Anandipatsa mapilisi, anandiuza ndibwerenso adzandiphunzitse kadyedwe. Sindinabwerere. Ndinati ine bambo wamkulu, kamtsikana kovala zoyera kandiphunzitse kudya?

M'malo mwake ndinaphunzitsidwa ndi anthu apasiteshoni.

Sakala, dalaiva mnzanga amene naye anali ndi shuga, anati: "Ba Zulu, shuga iopa vobaba, zowawa mkamwa. Kachasu kalibe shuga, kamaiocha. Onani ine, mapilisi ninasiya."

Apongozi anga a ku Nkomeshya anatumiza botolo la uchi. Ati uchi ndi wa Mulungu, si shuga wa kusitolo, thira m'phala mmene ufunira. Mayi wina wapamsika anandiletsa nthochi ndi mapapaya, koma anandigulitsa shuga wabulauni, ati ameneyo ndi wa odwala. Wina anati ndimwe madzi a nimu. Wina anati nsima ya mapira ndidye ngakhale mitanda isanu, ilibe vuto.

Bodza lomaliza, lomwe linandipweteka, ndinalimva kwa munthu wonyamula Baibulo. Anati shuga imadya chimene iwe wadya, ndiye ukaimana chakudya imafa ndi njala.

Ndinamvera. Tsiku lina ndinamwa kachasu madzulo osadya kanthu. Mmawa ndinameza mapilisi m'mimba mulibe kanthu, ndinakwera pampando, basi yodzaza. Titangodutsa mphambano ya ku Chalimbana, thukuta linayamba kutsika, manja kunjenjemera. Msewu ndinkauona pawiri. Ndinamva kondakita akukuwa, "Ba dalaiva, ni chani? Ba dalaiva!" Zitatha apo sindikumbuka.

Ndinatsitsimukira kuchipatala. Basi inalowa m'ngalande. Palibe anafa, ndipo ndicho chifundo chimene sindidzatha kuchifotokoza. Koma mayi wina amene ankapita kukagulitsa tomato anathyoka mkono. Ana ake amadya ndi mkono umenewo. Iye sanamwe kachasu, sanamvere bodza la munthu, anangokwera basi.

Namwino anaima pambali pa bedi langa, sanandinyengerere. Anati shuga wanga anatsika kwambiri chifukwa ndinamwa mapilisi osadya, ndi mowa pamwamba. Ndinamufunsa za uchi. Anati, "Atate, uchi ni shuga. Wabulauni ni shuga. Magazi yanu siyaona mtundu."

Esinati anagwada pansi pomwepo, odwala onse akuona, napemphera. Ine amene sindinagwadirepo munthu ndinalira ngati mwana. Ndinati, Yesu, ndanyamula miyoyo ya anthu ndi mutu wouma, ndikhululukireni, nditengeni. Ndipo ananditenga. Chichokere tsiku limenelo kachasu sanalowenso pakamwa panga.

Nditatuluka ndinabwerera kukaphunzira zimene ndinazithawa zija. Zinali zapafupi mpaka ndinachita manyazi. Osadumpha chakudya. Nsima ndimadya, koma mtanda waung'ono, ndiwo zamasamba ndizo zidzaze mbale: chibwabwa, repu, impwa, therere, pambali nyemba kapena kapenta. Chipatso ndimadya, pang'ono, osati dengu. Zakumwa zotsekemera ndinasiya. Mapilisi ndimamwa monga anandiuzira, ndipo tsiku lopima sindiphonya. Zonsezi zili m'dimba mwathu ndi pamsika pathu. Palibe chakudya chamatsenga.

Ndinapita kwa Sakala kukamuuza. Anaseka. Anati achipatala afuna tizimwa mapilisi mpaka kufa. Chilonda chaching'ono chinatuluka pachala chake chakuphazi, iye nkumathirapo madzi a nimu. Lero Sakala alibe mwendo. Dalaiva wopanda mwendo! Amakhala pakhonde kuyang'ana mabasi akudutsa. Amene anamuuza kuti zowawa zichiritsa shuga ali kuti? Palibe ngakhale mmodzi anapita kukamuona.

Ndicho chandikwiyitsa, abale. Mabodza amenewa sachokera kwa adani. Amachokera kwa ife, ndi chikondi, titavala yunifomu ya chigwirizano. Timapita kukazonda wodwala shuga titanyamula uchi ndi maheu. Timati, "Siya mapilisi, khulupirira chabe." Ndani anakuuzani kuti chikhulupiriro chimadana ndi mankhwala? Amene anapatsa namwino nzeru si Mulungu yemweyu? Ngati simudziwa, khalani chete. Mupempherereni wodwalayo, mumuperekeze kuchipatala. Pakamwa panu pasadule mwendo wa munthu.

Shuga ndikadali nayo, sindikunamizani. Koma ndili moyo, ndimayenda ndi miyendo yanga iwiri, ndimalima dimba ndi mkazi wanga, ndipo mayi wa tomato uja anandikhululukira. Atamandike Yesu amene anandichotsa m'ngalande ndi m'botolo!

Tsono iwe amene wakhala pamenepo, ludzu silikutha, thupi likutha, ndipo ukubisa. Iwe amene mapilisi unawaponya pansi pa bedi. Imirira, bwera kuno kutsogolo tipemphere pamodzi, umupatse Yesu mtima wakowo. Ndipo mawa mmawa ndidzakudikira pachipata cha tchalitchi, ndikuperekeze ukapimitse. Aleluya! Amen.