Apongozi anandiyalira mphasa

Abale ndi alongo, mukaona ndikuyendayenda kutsogolo kuno musadabwe. Msana wanga sulola kuima malo amodzi.

Ine ndinali woumba mabuloko ku Silverest, m'boma la Chongwe, kumapuloti kumene anthu akumanga nyumba. Simenti ndinkanyamula matumba awiri nthawi imodzi kuti anzanga aone. Ndinali wodzimva. Lamlungu ndinkaperekeza mkazi wanga, amake Taonga, mpaka pageti la tchalitchi, ine n'kukhotera ku bala.

Msana unayamba pang'onopang'ono. Kenako ululu unatsikira m'mwendo wamanzere mpaka kuchala. Kugona chagada, kuwawa. Chafufumimba, kuwawa. Ndikafuna kuyetsemula ndinkayamba ndagwira khoma.

Ndinazungulira zipatala, kuyambira kukiliniki ya kwathu mpaka ku Lusaka. Paliponse ndinkafuna chinthu chimodzi, jakisoni. Kwa ine dokotala wosabaya sanali dokotala. Mapiritsi ndinkameza awiriawiri, n'kutsitsira kachasu. Akandifunsa ngati ndasiya kunyamula zolemera ndinkati ndasiya, simenti ili mbuu m'tsitsi.

Atandijambula msana ananditumiza kwa dokotala wa mafizo, mtsikana woti ndikanatha kum'bereka ine. Anati ndizigwada manja ali pansi, ndizikweza ndi kutsitsa msana, kenako ndizigona chagada n'kumakokera maondo pachifuwa. M'mawa ndi madzulo, osadumphitsa.

Ndinati, "Ba dokota, nachoka ku Chongwe konse kuti muniuze nizikwawa monga mwana? Nilaseniko chabe nyeleti nizipita."

Iye anati, "Ba Tembo, nyeleti siizakonza msana wanu. Mukapitiliza so, mwendo uyu uzaleka kuyenda."

Ndinatuluka nditakwiya, koma chifukwa chenicheni sindinamuuze. Kunyumba kunali apongozi, amayi a mkazi wanga. Anabwera kuchokera ku Chipata kudzathandiza kulera mwana wathu wakhanda. Ife a kum'mawa mukutidziwa. Apongozi suyang'anizana nawo, sudyera nawo pamodzi, ukakumana nawo panjira umapatuka. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ndipo kuchipinda bedi linadzaza malo onse. Ndiye ine, mkamwini, ndigone pabalaza miyendo ili m'mwamba?

Ndinayesako kamodzi kuseri kwa mulu wa mabuloko. Anzanga anandipeza ndikukwawa, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Pepala la zithunzi limene dokotala anandipatsa ndinayatsira mbaula.

Tsiku lina tikutsitsa simenti mulole, mwendo unangoti zii. Ndinagwa thumba lili pamsana. Kunyumba anandibweretsa pawilibala.

Masiku anayi wondidzutsa kupita kuchimbudzi anali mkazi wanga, munthu woti chiberekere sanapole n'komwe. Ndinkatsina ntchafu, osamva kanthu. Ndinachita mantha, abale. Ana atatu, wamng'ono wa milungu isanu, bambo wawo wosayenda. Ndinakalipira aliyense, ngakhale khandalo likalira.

Tsiku lachisanu m'mawa ndinamva apongozi akusuntha mipando pabalaza. Kenako analankhula ndi mwana wawo mokweza, kuti ine ndimve.

"Uwauze atate ake Taonga kuti ulemu wao naulandila, wakwana. Koma ulemu siupeleka ana kusukulu. Mphasa nayala. Ine nili panja, nayang'ana kumseu. Niziwelenga nili kwamene kuno."

Manyazi anandigwira. Mayi amene ndinkawathawa ankadziwa zonse, chifukwa amake Taonga anali atawauza kalekale. Ndinakwawa kuchoka kuchipinda mpaka pamphasapo. Ndinagwada, koyamba chikulireni. Panja mawu anayamba, "Wanu... thuu... fili..." Ine thukuta ndi misozi zili chuchuchu.

Atafika pa teni sindinadzuke. Ndinati, "Ambuye Yesu, ndine wonyada, wabodza ndi chidakwa. Ndikhululukireni." Pemphero lalitali sindinkalidziwa. Koma mtima wanga, umene unali wosakhazikika zaka zonsezi, unakhala pansi tsiku limenelo.

Anzanga atandinyamula kubwerera kwa dokotala uja, ndinaulula zonse, za kachasu, za simenti, za pepala. Sanandikalipire. Ananditumiza kuti akandiyezenso bwinobwino, n'kundipatsa pepala lina. Miyezi itatu apongozi anawerenga pakhonde, mvula kaya dzuwa, mpaka aneba anazolowera.

Sindikunamizani kuti ndinachira. Msana umawawabe, masiku ena kwambiri, ndipo ndimadandaula. Matumba ndinasiya, pano ndimangothirira mabuloko ndi paipi. Mowa Yesu anandichotsera. Ndipo mwendo umene unafa uja ndi uwu ndapondera pansiwu. Alemekezeke Mulungu!

Mwina muno muli wina amene amanamiza dokotala, amanamiza mkazi wake, n'kumayesa kuti Mulungunso anganamizike. M'bale wanga, usadikire wilibala. Bwera kwa Yesu lero. Ngati kudzuka kukukuvuta, kweza dzanja pomwe ulipo. Ndibwera ndine, ungondipirira, ndimayenda pang'onopang'ono.