Kamera pakhonde la nkhoswe

Ndikulemba kuchokera ku Nambuma. Ndine nkhoswe ya mabanja anayi, ndipo zikawavuta amabwera kudzandiuza pakhonde langa.

Chaka chatha mwana wanga amene ali ku Joni anandiikira pachitseko belu lokhala ndi kamera, loyendera sola. Ankati n'loopsezera akuba fodya. Sanandiuze kuti limatolanso mawu n'kuwatumiza pafoni yake.

Lachiwiri lina masana, mwana wa mlongo wanga anabwera akulira. Anati mwamuna wake wayamba kumumenya. "Amalume, musafulumire," anandipempha, "muyambe mwakumana ndi ankhoswe akuchimuna." Mtsikanayo asanafike n'komwe kwawo, mwana wanga anali atamva zonse pafoni paja, n'kuimbira mwamunayo kumutukwana. Mtsikanayo anabwerera kwa ine diso litatupa.

Tsiku lomwelo ndinazula kamerayo n'kukaikhoma kukhola la mbuzi. Posakhalitsa foni inalira.

"Ababa, bwanji ndikungoona mbuzi? Inetu ndimafuna kukutetezani."

"Uziteteza mbuzizo," ndinamuyankha. "Msuweni wako ankalankhula ndi ine, osati ndi iwe."

Mpaka lero anandinyanyalira, koma kamerayo sidzabwereranso pakhonde langa ndili moyo. Mtsikana uja ali kwanga, ndipo nkhani yake tikuikamba ndi akuchimuna.

Anzanga omvera wailesi, musanalole chinthu chotere pakhomo panu, funsani kuti winanso amene azimva ndani. Kwanga anthu ayambanso kubwera, koma asanakhale pansi amayang'ana kaye pamwamba pa chitseko. Mabowo a misomali ndinawasiya dala osamata, kuti aziwaona.