Anandiletsa Kunyamula Mwana Wanga

Mwana wanga Chisomo, amene mudzi wonse unati saona mvula yoyamba, ali moyo ndipo akuthamanga. Aleluya!

Moni abale ndi alongo. Ndine Fabiano. Kwathu ndi ku Linthipe, koma ndinkakhala chikamwini ku Lobi, kwa mkazi wanga Agnesi. Tinkalima chimanga ndi nyemba pamunda wa apongozi. Njala sinkatidziwa.

Agnesi anamwalira pobereka Chisomo, mu Juni, chisanu chili pachimake. Mwana anatsala, bere palibe. Apongozi anga, a Nangozo, anayesa phala lamadzimadzi, anayesa madzi a shuga. Mwana ankangoonda. Liwombo linalowa. Kulira kwake kunasanduka ngati kwa kamphaka.

Ndiye a Gerevazio, achimwene ake a Agnesi, amenenso ndi mwinimbumba, anandiitanira pansi pa mtengo wa pichesi.

"Alamu, mwana uyu n'tsempho. Mwayenda ndi mkazi wina maliro asanazizire. Kuyambira lero musamukhudze."

"Alamu, ndayenda liti? Njira yanga ndi ya kumanda ndi kumunda basi!"

"Tanena. Manja anuwo ndi otentha. Tikameta, muzipita kwanu."

Abale anga, mkamwini alibe mawu. Mwana ndi wa kuchikazi. Ndinkaima pakhomo, manja kumbuyo, mwana wanga akutha pamphasa. Osamukhudza. Osamukhudza! Ndinafunsa Mulungu kuti, "Mwatenga mayi, mutenganso uyu ine ndili chiimire?"

Mulungu anayankha kudzera mwa mlangizi wa zaumoyo, uja amayenda ndi sikelo m'midzi. Anamuyeza mwana nati matenda ake ndi njala. Anatiuza za nyumba yolerera makanda amasiye ya bungwe lina lachifundo, kufupi ndi paboma. A Gerevazio anavomera, poti kwa iwo mwanayo anali wakufa kale. Mwana anapita. Ine anandisudzula, ndinabwerera ku Linthipe.

Kunyumba ija ntchito imayenda motere. Mayi mmodzi amalera ana ochepa, ngati banja. Mkaka wam'chitini ulipo, namwino alipo. Koma pali lamulo: mwana si wawo, akakwanitsa zaka ziwiri amabwerera kumudzi. Choncho wachibale azibwera mwezi ndi mwezi, amudyetse, amusambitse, kuti mwana asadzamuthawe. A Nangozo miyendo inali itakana. A Gerevazio anali pamsika wa Chimbiya, kugulitsa mbatatesi zawo. Ndinatsala ine.

Ulendo woyamba ndinaima pakhomo, monga mwa chizolowezi. Mayi Jere, olera ana m'nyumbamo, anandiyang'ana.

"Bambo, mwabwera kudzalondera chitseko?"

"Anandiletsa kumunyamula, mayi. Akuti ndimudwalitsa."

"Kuno woletsa ndine. Sambani m'manja, khalani apa."

Anandiika mwana pamiyendo, botolo m'manja. Chisomo anayamwa, anayamwa, mpaka anagona pachifuwa panga.

Mwezi wotsatira sikelo inakwera. Winawo inakweranso. Mayi Jere anandiphunzitsa kuwiritsa botolo, kusintha thewera, ngakhale kubereka kumbuyo. Amayi anzawo ankandiseka: "Bambo a Chisomo, mfundo imeneyo ndi yomangira mbuzi!" Ndinkaseka nawo, n'kumanganso.

Chaka chino titakolola ndinapita pa Chimbiya n'kuwachonderera a Gerevazio kuti tipitire limodzi kukaona mwana. Titangolowa pageti, kamtsikana kamasaya kanathamanga n'kundigwira mwendo: "Ababa!"

"Wa ndani ameneyu?" anafunsa a Gerevazio.

"Wa mlongo wanu," anatero mayi Jere. "Bambo akewa amunyamula kuyambira ali khanda. Tsempho lija mukuliona?"

A Gerevazio anavula chipewa. Kenako anati, "Alamu, tinakulakwirani. Bwererani ku Lobi. Nyumba ya Agnesi ndi yanu ndi mwanayu."

Mwamva, abale? Mwinimbumba kupepesa mkamwini! Ndani angachite zimenezi koma Mulungu?

Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza mayi Jere ndi amayi onse a nyumba ija, amene amalera ana athu kuti atibwezere. Lero ndili ku Lobi. Nyumba ndafolera, soya ndi chimanga cha phala lake ndasunga, ndipo a bungwe alonjeza kuti azibwera kudzamuyeza.

Loweruka likudzali ine ndi a Gerevazio tikukamutenga. A Nangozo alamula kuti tikafike dzuwa lisanalowe, akufuna amuone bwinobwino mdzukulu wawo kukadawala.