Kanyanga ka Wonga ndi Zala Zanga Ziwiri

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Kambombo. Ine ndine Lakisoni, ndipo dzanja langa lamanja latsala ndi zala zitatu. Mfuti inandiphulikira m'manja, koma ndisanamizire mfuti. Chinandipweteka ndi nsanje imene ndinali nayo pa mng'ono wanga wa bere limodzi.

Kuno njovu zimatidyera chimanga chikangoyamba kukhwima. A boma oyang'anira nyama zakutchire anatilola ena mwa ife kuzipirikitsa ndi mfuti za gogodela, zija zothira wonga kukamwa n'kutsindira ndi kamtengo. Sitiikamo chipolopolo ayi, timaikamo tsabola wopera, kuti utsi wake ukazilowa m'chitamba zithawe. Ine ndi mng'ono wanga Tiza tonse tinali pa ntchito imeneyi, ndipo anatiphunzitsa ndi malemu atate athu.

Atate asanamwalire anatipatsa aliyense choyezera wonga. Tiza anamupatsa kanyanga ka gwape, kakuda, kosalala, kamene iwo ankavala m'khosi zaka zonse. Ine, mwana woyamba, anandipatsa chitsekero cha botolo chodulidwa ndi mpeni. Anati muyeso wanga ndi umenewo, ndisapitirire. Ndinalandira ndi manja awiri, koma chinandiwawa kwabasi.

Ndiye njovu zikabwera, anthu ankathamangira kwa Tiza. Iye akawomba kamodzi, gulu lonse linkabwerera ku Luangwa fumbi lili kobo. Ine ndikawomba zinkangopukusa makutu n'kupitiriza kudya. Amayi pachitsime ankati mfuti ya Tiza imalankhula, ya Lakisoni imatsokomola. Tsiku lina mkazi wanga NyaZimba anaseka nawo, ndipo ndinatha masiku awiri osamuyankhula. Kutchalitchi abusa akamathokoza Tiza, ine ndinkawomba m'manja ndi nsonga za zala zokha.

Mumtima ndinatsimikiza kuti chinsinsi chili m'kanyanga kaja. Ndinkati n'kakakulu kuposa chitsekero changa, atate anandimana dala. Kufunsa sindinafunse. Ndingafunse bwanji kwa mwana amene ndinamupukuta mamina ndine? Paja amati safunsa anadya phula.

Pamsika ndinakumana ndi munthu wina wodutsa amene anali ndi zipolopolo za mfuti yachizungu ya chifefe. Anandiuza kuti wonga wa m'menemo ndi wachizungu, wopanda utsi, waukali kuposa wathu wakuda uja. Ndinamupatsa tambala wanga yekhayo, iye n'kundipatsa zingapo. Kunyumba ndinakhuthula wongawo m'kachitini, mtima ukudumpha ngati ndatola chikwama.

Loweruka m'mawa ndinaitana amuna a m'mudzi kumunda kwanga kuti adzamve mfuti yeniyeni. Tiza anabwera nawo. Ataona wonga uja, anautapa pang'ono n'kuuyang'ana pachikhatho, nkhope yake n'kusintha.

"Akulu, wonga uwu si wa gogodela. Muyeso wa atate ndi wa wonga wakuda. Uwu ung'amba mpope wa mfuti."

"Ukuopa kuti ndikupose, eti? Manje uimve."

Ndinathira chitsekero chodzaza. Poona kuti Tiza akundiyang'ana, ndinaonjezanso china, kungofuna kumuwawitsa mtima. Anandigwira mkono, ine n'kumukankha pamaso pa anthu. Ndinaloza kutchire n'kukoka.

Kulira kwa mfutiyo sindinakumve, abale. Ndinangopezeka ndili chagada m'mizere, m'makutu muli zii, mfuti itang'ambika ngati nzimbe yotafuna. Chala cha mkombaphala ndi chapakati kunalibe. Anthu amene ndinawaitana aja anamwazikana, koma Tiza anang'amba malaya ake n'kundimanga dzanja. Anandikweza pa kaliyala ya njinga n'kukankha mpaka ku kiliniki, chifukwa ndikanagwa akanati apalase. Kumeneko ananditumiza kuchipatala cha ku Boma.

Dzanja linatupa mpaka m'chigongono. Adokotala anandiuza mosabisa kuti likapanda kuphwa m'masiku ochepa, adzalidula. Mlimi wopanda dzanja, ana asanu, chimanga chili m'munda, njovu zili pafupi. Ndinalira ngati mwana.

NyaZimba atabwera kudzandiona anandiuza kuti ndisadandaule za munda, Tiza ndiye akulondera. Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinati basi, manje adzayenda mudzi wonse kunena kuti mkulu wake amudyetsa ndi iye. Munthu anandinyamula magazi anga akumuyenderera pamsana, ine n'kumamuchitirabe nsanje ndili pabedi la chipatala! NyaZimba anangondiyang'ana, n'kutola mbale zake n'kutuluka.

Masana amenewo ndinayesa kupemphera kuti Mulungu achiritse dzanja, koma pemphero silinkayenda. Ndinaona ndekha kuti ndikupempha chinthu chachiwiri ndisanatchule choyamba. Ndinatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Ambuye, dzanja layamba kuwola dzana, koma mtima unayamba kalekale. Yambani ndi umenewo. Ndimadana ndi mng'ono wanga popanda chimene anandilakwira." Aka kanali koyamba kuti nditchule zimenezi ndi pakamwa panga.

Anamwino anapitiriza kundibaya jakisoni ndi kutsuka bala, ndipo Mulungu anadalitsa manja awo. Patapita masiku atatu kutupa kunayamba kutsika. Adokotala anadinadina mkono uja n'kunena kuti dzanja likhala.

Nditabwerera kumudzi patatha milungu ingapo, ndinapeza chimanga changa chili m'nkhokwe, chonse. Cha Tiza njovu zinadya mbali yonse ya kumtsinje, poti munthu mmodzi sangalondere minda iwiri. Iye sanandiuze, ndinamva kwa mlamu wanga. Ndinapita kwake, ndinakhala pansi pakhonde, n'kumupepesa. Kenako ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa zaka zapitazo, lakuti kanyanga kaja kamalowa wonga wochuluka bwanji.

Tiza anakavula m'khosi. Chitsekero changa anali atachitola m'munda tsiku lija, ndipo anakachitenga m'nyumba. Anadzaza kanyanga ndi mchenga n'kukhuthulira m'chitsekero. Unakwana ndendende, osatsala, osasefukira.

"Atate anadula chitsekerochi poyezera kanyanga aka," anatero. "Kanyanga n'kong'aluka, taonani, ndimamata ndi phula. Inu anakupatsani cholimba poti ndinu akulu."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji njovu zinkathawa iye yekha. Anaseka pang'ono n'kunena kuti iye asanawombe amayamba wawaza dothi m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikupita, ndiye amaima poti utsi wa tsabola upite kwa njovu. Ine ndinkangowomba paliponse pamene ndafikira. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ndinkabwera kunyumba maso ali psuu, ndikuyetsemula. Zaka zonsezo tsabola uja ndinkadzithira ndekha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisiyira dzanja ndi kundibwezera m'bale. Chibale ndi fupa, sichiwola, ngakhale ine ndinayesetsa kuti chiwole. Inu amene muli ndi mfuti, wonga umene simukuudziwa musauyeze ndi muyeso wa wonga wina, ndipo wokuchenjezani musamuyese mdani. Inu amene muli pamavuto, kaya munawaputa nokha ngati ine, musaleke kupemphera, koma muuzeni Mulungu bala lenileni. Sindinganame kuti nsanje inatheratu. Amayi akamatamanda Tiza pachitsime kamandilasabe pang'ono, ndiye ndimayang'ana dzanja langa n'kupempheranso.

Mfuti sindigwiranso. Njovu zikabwera, Tiza amanyamula gogodela, ine ndimatsogola kukamuonera mphepo. Zala zitatu zimakwana kutapa dothi.

Ambuye akusungeni nonse, ndi minda yanu yomwe. Amen.