Ntchito yosatchula malipiro inatsala pang'ono kunditayitsa mwana

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine NyaJere wa ku Champhira, mayi wamasiye. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chomwe ndinagwira ntchito osadziwa malipiro ake, mpaka mwana wanga Tiwonge anatsala pang'ono kukwatiwa ali pasukulu.

Bambo ake atamwalira, alamu anga anandiuza poyera kuti fizi ikandikanika, amupereka kwa mwamuna wina wa ku Joni amene ng'ombe anali nazo kale. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchimuna, choncho mawu anga analibe mphamvu. Tsiku lina ku Mzimba boma ndinaona pepala pakhoma la sitolo, lofuna wophikira anyamata ocheka matabwa ku Chikangawa. Analemba kuti malipiro ndi abwino. Abwinowo ndi angati, sanalembe.

Mwini ntchitoyo anali bambo wachikulire wa mfunda wathu womwewu. Atamva dzina langa anati, “Ndiwe mudumbu wane, tizamuyowoya makora,” kutanthauza kuti ndine mlongo wake, tidzakambirana bwino. Inu mukudziwa, mlongo wako wamkulu sungamufunse kuti mundipatsa zingati ntchito usanaigwire. Amati ulibe mwambo. Ndinangoti yewo n'kukwera lole.

Ku Chikangawa kumazizira mpaka zala kuuma. Ndinkatunga madzi m'nkhungu, kuwaza nkhuni ndekha, kuphikira gulu lonse. Mwezi ukatha ankandipatsa kangachepe kogulira sopo, amvekere zotsala zibwera matabwa akagulidwa, chonsecho malole ankatuluka odzaza ine ndikuona. Nditalimba mtima n'kufunsa, anaseka nati, “Kodi tinapangana zingati?” Ndinabwerera ku mapoto anga. Mvula inagwa, munda wanga unagonera. Kenako uthenga unafika woti Tiwonge amubweza kusukulu ndipo alamu ayamba kukamba za ng'ombe. Ndinalira kuseri kwa milu ya utuchi, ndinamuuza Mulungu kuti mwamuna mwatenga, mwanayu yekha mundisiyire.

Ndinapempha lole ya matabwa kuti inditsitse ku boma. Pepala lija linali likadali pakhoma, likudikira wina wosauka ngati ine, ndipo misozi inandigwira pomwepo. Mwini sitolo, mayi wachisilamu amene sindinkamudziwa, anandilowetsa mkati n'kumva nkhani yanga yonse. Anatuluka n'kuling'amba, nati, “Wofuna antchito azilemba malipiro. Apo ayi, akamate pakhoma la kwawo.” Anali akufuna womuthandiza kugulitsa. Anaitana ogulitsa anzake awiri, anatchula malipiro anga mokweza iwo akumva, n'kundipatsiratu a mwezi woyamba.

Nditafika kumudzi ndinapeza azakhali a Tiwonge ayamba kale kumulangiza za banja. Tiwonge anandiyang'ana, maso atatupa, nati, “Amama, nkhuluta nkhu?” Ankafunsa kumene akupita. Ndinamuuza kuti akachape yunifolomu.

Ndimamva kuti kumayiko ena lamulo limakakamiza olemba ntchito kutchula malipiro akamalengeza ntchito. Ndikanakonda kuno zikanatero, chifukwa ulemu wathu ndi umene anthu ena amatidyera. Za ku Chikangawa sindinaonenso ngakhale tambala, chaka chimenecho tinagula chimanga, ndipo alamu anga mpaka pano sandiyankha moni. Zimandipwetekabe.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira chithandizo kudzera mwa munthu wosapemphera nafe. Inu amene muli m'chigwa, musaleke kupemphera, ndipo pofuna ntchito funsani malipiro, ngakhale wolembayo akhale mbale wanu. Mmawa uno Tiwonge wapita kukalemba mayeso.