Mayina Asanu ndi Atatu M'chipanda

Ine, Clive Njobvu, wa zaka 27, kwathu ku Katete m'mudzi wa Chimtengo, wokhala ku Chawama pa poloti ya ba Ngosa, wokonza mafoni pamsika, ndikunena izi. Ndapempha apolisi kuti ndilembe ndekha. Ndinaphunzira uinjiniya ku yunivesite zaka zitatu osamaliza, koma cholembera ndimatha kugwira.

Kuyambira mwezi wa Meyi ndili m'gulu la anthu asanu amene tikupanga gemu ya pa kompyuta ya nkhondo za mumlengalenga. Timalankhulana pa foni, sitinaonanepo. Ntchito yanga inali kupanga mtundu umodzi wa zombo zankhondo. Ndinautcha Nungu. Chombo cha Nungu sichithamanga ndipo chilibe mfuti yaikulu. Chimayenda pambuyo pa zinzake kuziteteza, ndipo mdani akachilondola chimaponya mizinga makumi anayi yoloza kumbuyo. Chimanyamula asilikali asanu ndi atatu. Chombochi sichipezeka kwina kulikonse, chili m'gemu mokha.

Ndilibe kompyuta, choncho ndinapanga chifanizo chake ndi manja kuti ndichijambule mbali zonse, mnzathu wina achisamutsire pa kompyuta. Ndinagwiritsa ntchito chipanda chotalika masentimita 40, minga ya nungu makumi anayi yogula kwa ogulitsa zitsamba m'tauni, mikanda yofiira m'malo mwa magetsi, ndi penti wakuda.

Pofuna kuona kulimba kwa chombocho, ndinkachimenyetsa nkhondo papepala ndi dayisi. Asilikali aja ndinawapatsa mayina a anthu a pa poloti yathu, poti ndiwo ndimawamva tsiku lonse. Msilikali akafa ndinkaika mtanda pa dzina lake. Ba Whyson, a khomo lachitatu kuchokera pathu, ndinawaika ku injini. Injini ili kumbuyo kumene adani amamenya, ndiye pa nkhondo 14 dzina lawo linalandira mitanda 11. Linali vuto la kapangidwe ndipo ndinali kulikonza. Pepalalo ndinkalipinda n'kulisunga m'kati mwa chipandacho.

Lachiwiri pa 6 Ogasiti ba Whyson anagwa kuntchito, mbali yawo yakumanja inafa. Kuyambira tsikulo salankhula.

Dzulo, Lachinayi pa 15 Ogasiti, nthawi ya 6:30 m'mawa, ndinapaka penti womaliza n'kuika chombocho padenga kuti chiume. Ndinanyamuka 7 koloko. Amayi anga, Mainess Njobvu, a zaka 63, ndinawasiya akuchapa pa mpopi.

Nthawi ya 9:40 Marjory, mwana wa ba Ngosa eni poloti, anandiimbira. Anati, "Clive, bwela manje manje. Vinthu vako vagwa pa mtenge." Mphepo inali itagwetsera chombocho pakhomo pa ba Whyson ndipo chinang'aluka.

Kuchokera pamsika kufika kwathu ndi kilomita imodzi. Ndinafika 9:55. Ndinapeza anthu pafupifupi 60. Amayi anali atakhalitsidwa pansi pafupi ndi mpopi, manja akadali ndi thovu. Ba Emelda, mkazi wa ba Whyson, anali ndi pepala lija m'manja akuwerenga mayina mokweza. Pambali pawo panali bambo wa suti yoyera wotchedwa Mneneri Edmond, amene tchalitchi chake chili mamita 300 kuchokera pa poloti. Ankatembenuza chombocho ndi ndodo, osachikhudza ndi dzanja. Ankauza anthu kuti ndi ndege ya mfiti ndipo yagwa chifukwa cha mapemphero ake.

Ba Emelda anati kwa amayi, "Mtanda, mtanda, mtanda. Mwamupaya kangati mwamuna wanga, ba Mainess?"

Ndinati, "Ni gemu iyo, ni yanga. Onani pa foni." Ndinawaonetsa zithunzi ndi mauthenga a anzanga. Mneneri sanayang'ane. Anati, "Mfiti za masiku ano nazo zili na mafoni."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Wa digiri yosasila akamba!" Anthu anaseka. Ndinayankha kuti digiri yanga yosamalizayo imaposa ma Giredi 7 awo onse kuwaphatikiza. Mwala woyamba unandigunda pa khutu lakumanzere. Sindinaone woponya. Amuna awiri anandigwira mikono. Wachitatu, wa malaya abuluu, yemwe sindimudziwa, anabwera akugubuduza tayala. Mayi wina ananyamula botolo la palafini.

Apa amayi anaimirira. Anati, "Mlekeni mwanayo, sadziwa kanthu. N'changa. Mayina ndinalemba ndine."

Amayi anga sadziwa kulemba. Poloti yonse imadziwa, chifukwa mauthenga a pa foni yawo amawawerengera ndi ba Emelda omwewo. Ndinanena zimenezi katatu. Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Khala chete, iwe." Amuna aja anandisiya.

Palafini anathira pa chombocho n'kuyatsa. Pepala la mayina Mneneri analiika m'thumba la jekete. Nthawi ya 10:30 anatenga amayi kupita nawo ku tchalitchi, anthu akuimba pambuyo. Ba Ngosa anakhoma loko wawo pachitseko chathu.

Nthawi ya 3 koloko masana ndinapita ku tchalitchiko. Chitseko chinali chotsegula. Amayi anali pamphasa kutsogolo, atametedwa mpala, akazi awiri atakhala mbali ndi mbali. Nditaima pakhomo amayi anati, "Pita, Clive. Ukalowa muno, zimene ndachitazi zapita pachabe." Kenako anandifunsa ngati ndadya.

Mneneri anatuluka n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Anati Lamlungu pa 18 amayi adzaulula pamaso pa mpingo ndi kumasula lilime la ba Whyson. Mawu ake otsatira ndikuwakumbukira bwino: "Ngati ba Whyson sanakambe pa Sondo, ine bantu siningabakanize." Ankatanthauza kuti sadzawaletsa anthu a tayala ndi palafini aja. Ndinamuuza kuti matenda a ba Whyson ndi a m'mitsempha ya m'mutu ndipo ofunika ndi madokotala. Anati, "Ndiye wabalodza ni iwe?" Ndinatembenuka n'kumapita, chifukwa anyamata a njinga zamoto anali ataima pafupi akumvetsera.

Ndinagona pamsika, m'kashopu kanga.

Lero, Lachisanu pa 16, nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndinabwera kuno ku polisi. Wapolisi mmodzi anapita nane ku tchalitchi. Anafunsa amayi katatu ngati akusungidwa mokakamizidwa, ndipo katatu konse anayankha kuti, "Ndili pano mwa kufuna kwanga." Anawafunsa ngati wina wawamenya. Anati ayi. Anawafunsa amene wawameta. Anati anapempha okha. Wapolisiyo anapempha Mneneri pepala lija, iye anati linapsa limodzi ndi chombo. Amayi sanandiyang'ane nthawi yonseyi.

Mwandiuza kuti popanda wodandaula, mlandu umene ulipo ndi wa khutu langa lokha. Za khutu sindikudandaula.

Chipanda ndinagula ndine. Minga ndinamata ndine. Mayina asanu ndi atatu ndinalemba ndine, ndipo mitanda ndinaika ndine. Ndinanena pa poloti, pano ndalemba. Pobwera kuno ndadutsa pakhomo pa ba Whyson. Ali pampando panja, afunda bulangeti. Ndawapatsa moni, sanayankhe. Kwatsala mawa lokha.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi.

Wosaina: Clive Njobvu ____________________
Tsiku: 16 Ogasiti 2024